Kasikuluwu Kotsala

Ndinaigula pa Kamwendo tsiku la msika,
wailesi yofiira ya tochi pamphumi,
kwa mnyamata wooda katundu ku Chipata.
Anati, "Bwana, iyi ndi yeniyeni."
Inalankhula milungu itatu. Kenako ziii.

Amake Lekeleni anati ndikabweze.
Ine ndinadikira kuti onse agone,
ndinayala chitenje chakutha pa tebulo
n'kuitsegula ndi nsonga ya mpeni wosendera mbatata.

M'kati munalibe zambiri:
kabolodi kobiriwira ngati fodya wa pa nazale,
mawaya owonda kuposa ulusi wa telala,
guluu wothiridwa mothamanga
ndi munthu wina kutali uko
amene mtima wake unali pa nthawi yoweruka.
Ndinamukhululukira.
Nanenso matumba a soya kusikelo
ndimawasoka maso ali padzuwa.

Chowotcherera ndilibe.
Ndili ndi msomali wautali wofiira pa mbaula,
pulayala yobwereka kwa a Chimtengo okonza njinga,
ndi timadontho ta mtovu tokanda
m'wailesi ina imene inafa chaka cha njala.
Chala changa chamkombaphala chili ndi zipsera zinayi,
chilichonse ndikhoza kukuuzani tsiku lake.

Batire lake linali litatupa ngati chitumbuwa.
Ndinalitaya, n'kuikamo awiri
ochokera m'pawabanki ya mlamu wanga,
ndinawamanga ndi mphira wa chubu.
Eriyo itathyoka, sipoko ya njinga inalowa ufumu.
Ndinaboola chigubu cha mafuta ophikira
kuti sipika ipeze mimba yolankhulira,
pakuti mawu opanda mimba ndi a udzudzu.

Usiku woyamba inafuka utsi.
Kuchipinda kunachokera mawu osatsegula maso:
"Mwatenthanso chiyani?"
Ndinati ndi makala.
Usiku wachiwiri, duu.
Wachitatu ndinangokhala n'kumaiyang'ana
monga umayang'anira mbuzi yokana msipu,
kufuna kuti ingonena yokha pomwe pakuwawa.

Sindinamve mapazi.
Lekeleni, wa Sitandade 5,
bulangeti kumutu, anali pamsana panga.
"Ababa, apa pang'aluka."
Ndinasuzumira, sindinaone kanthu.
Anatenga tochi m'kamwa mwanga,
anaipendeketsa pang'ono,
ndipo ndinauona mng'alu, kutsika kwake ngati tsitsi limodzi,
utadula kanjira ka mkuwa pakati.

Ine ndinagwira msomali, iye waya.
Dzanja lake silinanjenjemere.
Langa ndi limene linavina.

Itatsegula pakamwa, sinayambe ndi nyimbo.
Munthu wa tsidya lija la malire
ankalengeza za ng'ombe ziwiri zosowa,
ina ya nyanga imodzi.
Tinaseka mpaka galu wa aneba anadzuka.
Amake anatulukira, anaima pakhomo,
anamvetsera mpaka kumapeto,
n'kunena kuti, "Chigubu changa chija ndi chimenechi?"

Titatseka zonse, pa chitenje panatsala kasikuluwu kamodzi.
Kamatsala nthawi zonse.
Ndili ndi kabotolo ka mafuta odzola
momwe ndimaponyamo totsalato:
ta mafoni, ta matochi, ta fani ya a hedi,
ta wotchi imene ikuyendabe mpaka lero
osadziwa kuti inaperewera.
Lekeleni anandifunsa kwawo kwa kameneka.
Ndinati sindikudziwa, mwanawe.
Anakawerenga tonse: makumi awiri ndi titatu.

Dzulo ndabwera mochedwa,
fumbi la soya mpaka m'makutu.
Ndapeza chitenje chija chayalidwa kale,
mpeni wa mbatata uli pambali,
mbaula ikadali yofunda.
Tochi yanga yakale, ija yofuna kuimenya mbama,
ikuyaka ndi kungoikhudza.
Mwana ali mtulo, kapena akunamizira,
chala chimodzi chokulunga kansanza.

Ndakhuthulira kabotolo m'dzanja,
ndawerenga kawiri, pang'onopang'ono.
Makumi awiri ndi tinayi.