Mphika Wosafulumira

Unabwera pa basi ya ku Joni mphikawu,
utakulungidwa m'jekete la Gomezgani.
Jeketelo lidakali pamsomali.
Mwini wake anati abwera pa Khirisimasi,
koma sanatchule ya chaka chiti.

Kayera ndinagula dzulo ku Zigwagwa,
mbale ziwiri, mayi uja n'kuikapo kabasera
poseka Chitumbuka changa chotsimphina.
Posankha ndapezamo timiyala tinayi,
kaulusi ka thumba,
ndi nyemba imodzi imene nankafumbwe anamangamo nyumba.
Zatandala m'madzi tsiku lonse,
zatupa ngati mapazi anga ndikaweruka kuwodi.

Ndimayamba ndazibwatitsa pambaula,
thovu ndiyengule,
kenako ndizipereke kwa mwini ntchito.
Anyezi, adyo, tomato atatu otopa.
Mchere ayi, mchere ndi wa mawa.
Mayunitsi atsala asanu ndi awiri. Akwana.
Ndavundikira, ndakhoma chitseko,
ndasiya kadiso kofiira kakulondera nyumba.

Usiku wa ku Mzuzu ndi wautali mu Juni.
Chisanu chimalowa ndi pansi pa zitseko za wodi
n'kukagona ndi odwala.
Pabedi lapakona diripi ikudontha
dontho, dontho,
ndipo ndikuganiza za nthunzi pachivundikiro chagalasi,
mmene imasonkhanira
n'kugweranso momwe yachokera.

Cha m'ma thuu magetsi aphethira.
Jenereta yakhosomola, yadzuka.
Mtima wanga wathamangira ku Chibavi:
kodi nakonso kwazima?
Nyemba zilibe jenereta.
Zilibe wozisonkhezera, zilibe woziuza kuti pirirani.

M'mawa wakabaza akuboola nkhungu,
matope a ku Chibavi akutiwaza m'miyendo.
Pampanda NyaMhango akutsuka mano.
"Anesi, fungo lanu latigoneka ndi njala!
Tinayesa mwabwera ndi alendo."

Kadiso kadakali kofiira.

Ndavundukula. Msuzi wagwirana, wasanduka ngati mkaka wa m'mawa,
nyemba ikusungunuka pakati pa zala
popanda kukangana nane.
Ndathira mchere. Ndapungulako m'kambale ka NyaMhango.
Zotsalazo ndikudya chiimire ndi buledi wadzana,
nsapato zakuntchito zili kuphazi.

Ndajambula chithunzi, ndamutumizira.
Kachizindikiro kamodzi kotuwa.
Sichinafike.

Palibe kanthu.
M'nyumba muno tilipo awiri odziwa kudikira,
koma mnzangayu, akadikira,
pamapeto pake pamakhala chakudya.