Malata Awiri

Chitseko chachinayi pa mdadada wa a Thole, ku Mchini,
chimakhala changa tsiku lolipira lendi basi.
Masiku ena onse ndi cha a Thole.

Anandipezera nyumbayi ndi Gidiyoni,
mnyamata wa nsapato zosongoka amene amaima pa Down Shops
mafoni awiri ali m'manja.
"Amayi, ine ndili kumbali yanu," anatero,
"eni nyumba a masiku ano ndi afisi."
Ndinamupatsa handiredi fifite ya mapazi ake.
Sanandiuze kuti fisiyo ndi amalume ake,
kuti madzulo omwewo anakalandiranso ina kuseri.

Mvula ya Disembala itatsika ku Kanjala
inalowa osagogoda.
Beseni pabedi, poto pa makina osokera,
Zelipa akuwerengera mayeso atafunda pulasitiki.
Ndinapita kwa a Thole katatu.
Koyamba anali ku maliro ku Chadiza.
Kachiwiri anali akusamba.
Kachitatu anati, "Kodi mvulayo ndagwetsa ndine?"

Ndiye ndinasoka mayunifomu makumi atatu,
maso kuwawa, msana kuuma,
n'kugula malata awiri ndi misomali.
Wa njinga anawamanga pakaliyala
akulira ngati bingu msewu wonse.
Denga linaleka kudontha.

Mwezi utatha a Thole anabwera, anayang'ana kumwamba,
anamwetulira.
"Nyumba yosadontha ili ndi mtengo wake.
Muwonjezere thu handiredi."
Nanga malata anga?
Nanga dipoziti ya miyezi iwiri ija?
"Zonse zili m'buku."
Bukulo limagona kunsi kwa pilo wawo
ndipo limadziwa kuwerengera mbali imodzi yokha.

Anzanga pampopi anati pita ku komiti,
kumeneko amamva madandaulo a ife a lendi.
Ndinavala chitenje cha kutchalitchi.
Ndinakhala pabenchi mpaka dzuwa paliwombo.
Nditalowa,
pampando waukulu a Nkhuwa, mlamu wawo wa a Thole,
amenenso ali ndi zitseko khumi ndi ziwiri ku Navutika.
Mlembi, cholembera chili kukamwa,
Gidiyoni.
Anandipatsa moni ngati sanandionepo.

"Fotokozani momasuka, mayi, pano sitikondera."
Ndinafotokoza.
Gidiyoni analemba mizere iwiri n'kuyamba kujambula duwa.
Foni ya a Nkhuwa inalira, dzina ndinaliona,
anaigoneka chafufumimba.
"Nkhani iyi ndi ya pabanja," anatero, n'kutsokomola,
"ndikutanthauza kuti ndi yongokambirana."

Sindinalire.
Ndinadzera ku Kapata
n'kugula kope laling'ono, la ana a giredi wanu.
Usiku ndinagogoda zitseko zisanu zija.
A Shawa, alonda a pachipatala, anatchula chimbudzi
chimene chinadzaza mu Ogasiti.
Amake Tiwonenji anatchula mayunitsi amene timasonkha
koma amakayatsa firiji ya m'nyumba yaikulu.
Mnyamata wa chitseko chomaliza anakana,
ali ndi ngongole ya miyezi itatu.
Ndinamumvetsa.
Enafe tinasaina, mmodzi ndi chala.

Lolemba tikupita kukhoti ku Boma,
kumene mwina woweruza sanakwatire kwa a Thole.
Mwina.
Chipata ndi yaing'ono,
aliyense ndi mlamu wa wina.

Koma hamala ndabwereka kale kwa a Shawa,
ili kunsi kwa bedi pamodzi ndi kope lija.
Akadzanditulutsa, ndidzakwera ndekha padenga
ngakhale ana a mumsewu aseke.
Misomali ija ndinaiwerenga akuikhoma,
makumi anayi ndi isanu ndi iwiri.
Ndidzazula umodziumodzi, osafulumira,
ndipo a Thole, amene amakonda kuyang'ana kumwamba,
adzakuona bwinobwino
ataima pakati pa chipinda chachinayi.