Tsamba 47

Buku la Chikaiko lafika pa minibasi ya m'mawa.
Kondakitala walibweretsa pamodzi ndi mapepala anga a fotokope,
ngodya imodzi itanyowa ndi thumba la tomato la munthu wina.
Ndalinunkhiza kaye ndisanalitsegule.
Inki yeniyeni, osati yanga ino yosukuluka
imene imalemba dzina la munthu ngati ikuchita manyazi.

Kuchikuto kuli chithunzi chake: tayi, magalasi,
ndi mawu oti anaphunzira pa yunivesite yakutiyakuti.
Sanalembepo zoti zaka zinayi zonse zija
ankabwereka nsapato zanga pokaona chibwenzi,
kapena zoti bedi lapamwamba linali lake
chifukwa ine ndinkaopa kugwa.

Dzuwa la Salima silipereka moni.
Pofika teni koloko malata ayamba kale kulankhula,
akabaza afola pamthunzi kuseri kwa depoti,
mayi wina akufuna makope awiri a chiphaso cha unzika,
mnyamata womaliza fomu folo akuti ndimulembere kalata yofunsira ntchito
ndipo akundifunsa ngati digiri imathandiza.
Ndamuuza kuti abwere ndi tchenje.

Magetsi athima pakati pa chiphaso,
nkhope ya mayi uja yatuluka theka.

Ndiye ndayatsa Asiyatu pafoni.
Amatulutsa podikasiti Lachinayi lililonse,
bandulo yanga ya sabata imathera pa iyeyu.
M'kalasi ankakhala kumbuyo kwenikweni,
mawu ake osafika ndi pa desiki lachitatu lomwe.
Pano amafunsa mafunso anthu a maudindo,
akamazemba iye amangoti, "Sindinamve, tabwerezani,"
ndipo umamva mpando ukulira mbali inayo.
Lero akukamba za alimi a mpunga a ku Lifuwu,
mtengo wa thumba pamunda
ndi mtengo wa thumba lomwelo likavala pulasitiki mumzinda.
Twaibu waimika njinga pakhomo, phazi limodzi pansi.
"Mayiyu ndi wa konkuno eti? Akuzidziwatu."
Ndati ndi mnzanga, tinali kalasi imodzi.
Wandiyang'ana, wayang'ana makina,
wapalasa.

Pa tsamba 47 ndadzipeza.
Sananditchule dzina. Wangoti,
"mnyamata wina amene ankalemba usiku ndi tochi ya foni,
amene tonse tinkadziwa kuti woyamba kutulutsa buku adzakhala iye."
Ndawerenga kawiri.
Kachitatu ndapinda ngodya ya tsambalo,
kenako ndaiwongola ndi chikhadabo.

Zanga zili pansi pa kauntala, m'katoni ya sopo:
masamba mazana awiri, onse kuseri kwa mapepala owonongeka,
ndakatulo kuseri kwa satifiketi yotuluka mopendekera,
nkhani ya bambo anga kuseri kwa malisiti a mpingo.
Chiswe chawerenga kale mutu woyamba.
Sichinandiuze maganizo ake
koma chinamaliza.

Nsanje? Ilipo, ndibisirenji.
Ndi yaing'ono, ngati kamwala mumpunga:
umatafuna bwinobwino, kenako dzino n'kukumana nako.
Ndamutumizira uthenga woti buku lafika, ndi lokongola,
ndawonjezera kuti pa tsamba 12 pali liwu losowa chilembo.
Wayankha nthawi yomweyo:
"Ukadali yemwe uja. Nanga zako zili kuti?"

Foni ndaivundikira pa kauntala.

Magetsi abwera folo koloko, makina atsokomola,
mayi uja wabweranso, nkhope yake yatuluka yonse.
Atapita ndakoka katoni ija, ndakuntha fumbi,
ndaika pagalasi tsamba loyamba mwa opulumuka.
Kuwala kobiriwira kwadutsa pansi pake pang'onopang'ono
ngati chala cha munthu wongophunzira kumene kuwerenga.

Kope imodzi ndi handiredi kwacha.
Ndatulutsa m'thumba, ndaponya m'kabati,
ndatsegula buku la malonda,
ndipo pa dzina la kasitomala
ndalembapo langa.