Ka Zuze

Unabwera nako pa njinga, mlongo wanga,
kuchokera tsidya la ku Mutarara,
kanthambi kosaposa chala cha mkombaphala
kokulunga m'chiguduli chonyowa.
Dzina lake unalitchula m'Chipwitikizi
uku ukupukuta thukuta ndi chipewa,
ine ndili kalikiliki kukutungira madzi akumwa,
ndiye linangondidutsa pakhutu.
Ndinati ndidzafunsa ulendo wina.

Ndinakabzala kuseri kwa bafa
komwe madzi a sopo amatsetserekera,
m'makande athu a ku Bangula
omwe mu Okutobala amang'aluka
mpaka mwanapiye kugweramo osaonekanso.

Mai Nyathando anasuzumira pampanda:
"Masau ali mbwee, mbuzi zikuchita kukana,
inu mukulera minga?"
Sindinayankhe.
Ndinakazinga ndi njerwa zisanu zosweka
n'kuvundikira dengu lobooka pansi.

Madzi a pamjigo wathu ndi amchere,
amasiya zoyera m'mbali mwa ndowa.
Tomato anawakana. Mpiru unapsa.
Papaya anafa chiimirire.
Iko kanamwa, kanangoti duu,
masamba anayi miyezi isanu ndi umodzi,
osakula, osafa,
ngati munthu wodikira sitima
pa siteshoni yomwe njanji yake inakokoloka.

Mbuzi ya Alufandika inakabudula kawiri.
Kanaphukanso, minga itawonjezeka.

Ndiye kunabwera Januwale uja
Shire ataiwala pomwe amalekezera.
Tinagona masabata atatu m'kalasi,
mabanja asanu ndi awiri pansi pa bolodi limodzi.
Pobwerera tinapeza khitchini itagwada,
nkhokwe ya mapira itapita ndi madzi,
matope olekeza m'mawondo.
Ndinapapasa pomwe panali bafa,
manja onse awiri m'thope lozizira,
ndipo ndinakapeza
chifukwa kanandibaya.

Iwe sunabwerenso.
Uthenga unafika usiku pa foni ya eni,
mawu odukaduka, netiweki ikuthawathawa:
malungo, masiku atatu, taika kale.
Dzina lija unapita nalo.
Ana akandifunsa ndimangoti ndi ka Zuze.

Chaka chachitatu kanafika m'chiuno mwanga.
Kanachita timaluwa toyera
tonunkhira dzuwa likalowa basi,
masana ayi, ngati kali ndi manyazi.
Zipatso ndinkaziwerenga m'mawa uliwonse
ndisanasese n'komwe pabwalo:
khumi ndi zinayi,
zobiriwira, kenako zofiira,
kenako zakuda bii ngati maso a mwana wa ng'ombe.

Apumbwa anandiyambirira.
Ndinadzuka tsiku lina n'kupeza zitatu.

Chimodzi ndinadyera pomwepo, choimirira.
Kuwawasa kwake mpaka ndinatsinzina,
mano kuyayamira,
koma kutsekemera kunabwera mochedwa,
kukhosi kwenikweni,
nditayamba kale kudandaula zaka zanga zitatu.
Chachiwiri ndinapatsa mdzukulu wanga Fanita.
Analavula, napukuta lilime ndi diresi,
kenako n'kutambasula dzanja kufuna china.
Chachitatu ndinachisiya panthambi.
Sindikudziwa ndinkasiyira yani.

Dzana Mai Nyathando anandiitana,
mawu ali pansipansi ngati obwereka mchere.
M'munsi mwa mpanda wawo,
pomwe apumbwa amatera akakhuta,
pamera kanthu ka masamba anayi
ndi munga umodzi wofewa.
"Ndimati ndikazule," anatero,
koma ndinaona njerwa zazinga kale,
dothi lili lonyowa dzuwa lili paliwombo.

"Kamafuna madzi ochuluka bwanji?"
Ndinati ochepa, ngakhale amchere.
"Nanga mbuzi?"
Ndinati zikadya, musalire, kadzabwerera.
Anakhala chete, akukanda chidendene ndi chala cha phazi,
kenako anafunsa dzina.

Ndinafufuza m'mutu tsiku lija,
njinga yotsamira pamtengo wa nimu,
chipewa, thukuta, kapu ya pulasitiki,
pakamwa pako pakuyenda
koma mawu osamveka.

Ndinawauza lomwe ndili nalo.
Analibwereza kawiri kuti asaiwale,
n'kulowa m'nyumba kukatenga dengu.