Lachinayi la Eleuterio

Ku Lima thambo limadzuka lotuwa
ngati kansalu kopukutira mbale.
Lachinayi lililonse mpando wa pakona
umakhala wa Eleuterio Paitán,
makaniko wa mabasi,
zaka makumi anayi ali chagada kunsi kwa injini,
lero chagada kunsi kwa botolo
lodontha pang'onopang'ono
mankhwala ofiira psuu, ngati magazi obwereka.

Ine ndine namwino.
Ntchito yanga ndi kusaka mtsempha
pamkono womwe mitsempha yake inaphunzira kubisala.

Atatibweretsera magalasi aja
anati wowavala amaiwalako nseru, amaiwalako wotchi.
Ndinamuveka, ndikumanga lamba pankhongo yopanda tsitsi.
Anaona pansi pa nyanja yamchere,
anamgumi akudutsa ngati mitambo.
Mphindi zitatu, wavula.
"Mwanawe, ine ndinabadwira pamwamba pa mitambo.
Madzi onsewa ndichite nawo chiyani?
M'kabokosi kanuka mulibe phiri?"
Phiri linalimo, koma la eni,
la anthu otsetsereka pachipale atavala zowala.
Anangopukusa mutu: "Si limeneli."

Kwawo ndi ku Huancavelica,
usiku wathunthu pabasi,
msewu wopindikapindika ngati matumbo a nkhosa.
Dokotala anakaniza: mapapo ako sangakwerenso.
Anakwera ndi Nélida, mdzukulu wake,
kamera yobwereka ataikulunga m'juzi.
Anakaizika pandodo pakati pa munda wa mbatata
kuti ipenye kum'mawa, kumadzulo, kumwamba, ngakhale pansi,
iye nakabisala kuseri kwa khola.

Lachinayi lotsatira
singano inalowa, iye osatsinzina n'komwe.
Poyamba kunali zii.
Kenaka khosi linayamba kutembenuka
ngati chitseko chomwe chakhalitsa chosatsegulidwa.
"Mpanda wamiyala uja wagwa.
Ndani wakhoma malata panyumba ya bambo?
Mizere iyi ndi yokhota, wolima anali ataledzera."
Ankadandaula, mano onse ali pamtunda.

Anawerama kuti atole mwala,
ndinagwira mkono, diripi ingazuke.
Anapempha bulangete, akuti mphepo ya kwawo yamulowa m'mafupa,
chonsecho m'wodi munali thukuta.
Ndipo anayamba kuyankhula Chikechuwa,
chinenero chomwe ine ndinakwirira pamodzi ndi mayi anga.
Ndinatolamo dzina lokha: Fortunata.
Mchemwali wake ameneyo, akuti waima pakhomo,
chipewa m'manja,
akuchita manyazi ndi ndodo yokhala ndi maso.
Anamuitana kawiri.
Odwala ena onse anacheukira kukhoma
komwe kunali kalendala ndi chozimira moto basi.

Sindikunamizani.
Manambala a papepala la magazi sanasunthe.
Chotupa chilibe maso, sichionera kanema.
Amasanzabe m'takisi pobwerera,
Nélida amayenda ndi majumbo awiri m'chikwama.
Koma Lachinayi amalawirira,
nsapato atapolisha, malaya atapisira,
ngati munthu wa paulendo.

Kanemayo ndi wa mphindi khumi ndi imodzi.
Botolo ndi la maola atatu.
Akatha, ndimayambitsanso.
Pamphindi yachinayi galu amauwa,
nthawi zonse pamalo omwewo,
ndipo nthawi zonse iye amamukalipira
ngati akumumva koyamba.
Dzulo wandiuza kuti wapeza kambalame padenga
komwe sanakaone milungu isanu yonseyi.

Dontho lomaliza likagwa ndimamukhudza paphewa.
"Tafika?" amafunsa.
Sindidziwa kuti ndiyankhe za kuti.
Amatsika phiri lonselo ndi manja awiri,
mphete yofiira itamuzungulira m'maso,
nkuphethira, kulandiranso kutuwa kwa Lima.

Siponji ya magalasi imakhala itanyowa.
Sindifunsa kanthu.
Ndimaipukuta ndi sipiriti,
ndimayang'ana batire,
poti pampando winawo mayi Clotilde akudikira,
mkono atautambasula kale,
iwo akufuna anamgumi awo.