Botolo Lachinayi

Lachitatu usiku mu labu ku Chichiri,
magetsi apita, jenereta ikutsokomola kuseri.
Tatsala ine ndi mabotolo asanu
a madzi onga tiyi wopanda mkaka.

Matope ake ndinakatapa ndekha mu Mudi,
kumunsi kwa msika,
komwe majumbo akuda amalendewera m'mabango
ngati mileme yakufa.
M'kadontho kamodzi muli mitundumitundu,
tizilombo tosamvana chinenero,
tolimbirana mpopi umodzi
ngati alendi a mdadada wa ku Ndirande.

Ntchito yanga ili ndi kankhanza.
Ola limodzi ndimatininkha madzi a nzimbe za ku Nchalo,
kenaka ndimatseka, gwa,
mpaka kucha.
Tosusuka timafa.
Tochenjera timabisa chakudya m'thupi,
timibulu toyera,
ndipo timibuluto, amatero a Likoswe akupukuta magalasi,
ndiye pulasitiki amene nthaka idzameze osatsamwa.

Zonsezi ndaziika m'masamu.
X ndi unyinji wawo, S ndi shuga,
t ndi nthawi, yomwe sindili nayo.
Pa kompyuta mzere ukukwera mwaulemu
ngati msewu wolowera ku Soche.
Koma botolo lachinayi silinawerenge pepala langa:
lachita thovu, lasasa,
lalowera kwake.

Funso ndi limodzi basi:
njala italike bwanji
kuti asunge, koma asafe?

Bambo anga amalidziwa funsoli.
Zaka makumi awiri akudula majumbo ku Makata,
malipiro obwera pa 28, otha pa 9,
masiku otsalawo kuwakoka ngati legeni.
Fizi yanga inatuluka m'majumbo omwewo
amene akutsamwitsa Mudi.
Sindinawauzebe kuti ndikuweta
tizilombo todzawalanda makina.

Ndafufuta 0.30, ndalemba 0.27.
Ndachotsa maola awiri pa njala.
Mzere wawerama pang'ono,
wayandikira botolo louma mutu lija
monga amachitira munthu wopepesa.

Kwacha. Kondakitala akukuwa Limbe, Limbe.
M'kambale ka dzulo mwauma kachikopa
kopyapyala kuposa khoko la anyezi.
Ndakamatula ndi nsonga za zala,
ndakakweza pa windo.
Phiri la Ndirande likuonekera mkati mwake,
mwachimbuuzi,
kenaka kang'ambika.

Ndalemba m'buku: kang'ambika pa sekondi yachisanu ndi chimodzi.
Sabata yatha kanang'ambika pa yachiwiri.