Uliko Mnzanga?

Usiku uno ndili ndekha m'kontena pa phiri la Kanjala.
Pansipo Chipata wazima, magetsi anapita dzuwa lisanalowe,
jenereta ikutsokomola kuseri.
Mbale yathu yayasamira kumwamba,
kumvetsera kachitsulo kopachikika mlengalenga
kamene sindidzakakhudzapo ndi dzanja.

M'kachitsulomo muli makompyuta awiri.
Ina imagwira ntchito. Ina imangokhala, maso tong'o,
nkumafunsa kosalekeza:
uliko mnzanga?
Ndiliko.
Uliko mnzanga?
Ndiliko.

Pulogalamu yowaphunzitsa mwambo umenewu
sinalembedwere nyenyezi ayi.
Inalembedwera nyumba za mafoni,
kuti wolengeza zovuta lamya isamudukire pakati pa dzina.
Anailemba anthu osadziwana, ena kozizira, ena kaya kuti,
naisiya poyera ngati mjigo wa m'mbali mwa msewu:
tunga, ukaona podontha umate.
Inenso ndinamatapo mizere isanu ndi itatu chaka chatha,
Zangose akundiwerengera zolakwa, chimanga chootcha kukamwa.

Kumwamba kulibe makwerero.
Sungatume mnyamata wa njinga wa ku Kapata
kuti akazimitse nkuyatsanso.

Itangodutsa thu koloko:
uliko mnzanga?
Zii.
Uliko?
Zii.
Kachitatu sinafunsenso. Inangosenza.

Ndinakumbuka tsiku tinkaperekeza atate kumanda ku Feni,
dzuwa lili paliwombo.
Phewa likatopa, lina linkalowa kunsi kwake,
osaima, osauzana,
bokosi osapendeka,
amayi a nyimbo kumbuyoko osadziwa nkomwe kuti tasinthana.

Namwino wina kumidzi ya ku Chadiza
amatumiza chithunzi cha chifuwa cha mwana
kwa dokotala wogona pa benchi.
Chithunzicho chinafika.
Sanaone kanthu, sadzamva kanthu.
Ntchito yathuyi ikakoma imasowa mboni.

Patapita kanthawi yakugwayo inadzambatuka,
inapeza mnzake atakhala pampando,
sinakangane.
Inakhala kumbuyo, nkuyamba ndiyo kufunsa:
uliko mnzanga?

Ndalemba m'kaundula ndi cholembera chobwereka:
yoyamba inagwa, yachiwiri inanyamula, palibe chatayika.
Ndasayina ndekha.
Pa mzere wa dzina lachiwiri ndajambulapo kamtanda.

Zangose anapita ku Lusaka mwezi wa Meyi,
anati malipiro akuno ndi a nthabwala, ndipo sananame.
Pampando wake ndimakolekapo jekete.
Mutu wandiwawa kuyambira Lachiwiri,
tiyi wa m'fulasiki wazizira,
atambala a ku Mchini ayambapo.

Foni yanga ili gada patebulo,
netiweki yodzaza mpaka pakamwa.
Ndikuiyang'ana.